Juni ku Bembeke

Kwathu ku Ngabu moto n'ngophikira basi,
mphika ukapsa timauzima kuti tipume.
Boma ponditumiza kuno kudzaphunzitsa
palibe anandinong'oneza kuti ku Bembeke
kutentha amachita kugula ngati mchere.

Juni wafika.
Chifunga chimatsika m'phiri dzuwa lisanalowe,
chimalowa pansi pa chitseko osaodira,
m'bandakucha malata amadontha thukuta lozizira
ndipo m'kalasi choko chimandipulumuka m'zala.
Mwana wathu Lonjezo wangokwanitsa mwezi.
Kamphuno kake kazizira ngati batani la jekete.

Loweruka m'mawa amalonda awiri pakhomo.
Anangozo atula mtolo, nkhata ikadali pamutu:
"Bulugamu uyu, aphunzitsi, ndi zotsala za paini
zochokera kocheka matabwa.
Paini ngwamtima wapachala, akayaka watha,
koma bulugamu amacheza nanu mpaka tulo."
Kamtedza wayedzamiritsa njinga kumpanda,
thumba la makala losokedwa ndi luzi kukamwa,
fumbi la kumalire lili mbuu m'nsidze zake.
Atola khala limodzi, aligogoda pa handulo:
"Tamvani kulira kwake. Mtondo weniweni.
Awa alibe utsi."

Alibe utsi.
Mawu omwewo ndiwo andiumitsa pakhosi.
Chaka chatha anyamata awiri a ganyu,
okumba mbatata ya kachewere m'dimba la a Jere,
analowetsa mbaula m'kanyumba kawo
natseka ming'alu yonse ndi masaka.
Anawapeza m'mawa m'bulangete limodzi,
nkhope zili see, ngati olota zabwino,
tiyi wadzulo akadali m'kapu.
Makala sakuwa akamabwera.

Nkhuni n'zolongolola:
zimathetheka, zimalavula, zimakuliza misozi,
zimakutsegulitsa zenera usanaganize.
Tinaziyesa Lachiwiri.
Lonjezo anatsokomola mpaka tambala woyamba,
m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka,
ndipo anamwino a kumishoni ananunkhiza shawelo yake
n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi
osanena kanthu.

Ndaima pakati pa mtolo ndi thumba,
m'manja muli zotsala za malipiro a Meyi,
ndikuwerengera masiku, kuchotsera, kugawa,
ine wophunzitsa masamu ana a eni.

Esinta anabadwira konkuno. Waseka.
Wanditsomphola ndalama zija m'manja,
wagula theka la thumba, wagulanso mtolo,
wapempha basera kwa onse awiri, wapatsidwa.
Nkhuni n'za kukhitchini, watero,
zifunditse madzi osamba, ziumitse matewera.
Makala ayakire pakhonde mpaka afiire psuu,
alowe m'nyumba ngati mlendo wodutsa,
zenera lili pululu,
ndipo asagone.
Pa mbaula waikapo njerwa ziwiri
zogumuka pa chimbudzi chakale cha sukulu.
Zikatentha amazikulunga m'chitenje chong'ambika
n'kuziika kumiyendo kwa bedi.

Njerwa sizitsokomoletsa mwana.
Koma pofika pakati pa usiku zimakhala zazizira,
zabwerera ku unjerwa wawo,
ndipo ine ndimadzuka ndithu,
kupapasa mumdima kufuna mbaula yomwe ndinatulutsa ndekha,
kuika chala pansi pa kamphuno kaja,
kudikira.
Kampweya. Kenanso.

Ndasuzumira pakhonde: phulusa lokha,
ndi kadiso kamodzi kofiira kakundiyang'ana.
Kutsidya mwezi waunika phiri,
zitsa zili ndandanda ngati mano obooka.
Sindidziwa kuti ndi chiti mwa izo
chagona m'thumba langa kuseri kwa chitseko.

Lolemba, piriyodi yachiwiri,
mutu wa phunziro ndi Kusamala Mitengo.
Ndidzaulemba pa bolodi ndi zala zakuda m'zikhadabo
ndipo mwana wa Kamtedza, wokhala kutsogolo,
yemwe yunifolomu yake ndagula ndine osadziwa,
adzakopera bwinobwino m'kope,
n'kudula mzere pansi ndi rula.