Mfundo za Msonkhano wa Lachiwiri

Anandisankha kukhala mlembi
chifukwa ndine ndekha ndinali ndi cholembera m'thumba.
Tinakhala asanu m'chipinda chodyera
cha fakitale ya nsomba zam'chitini ku Matosinhos,
mvula ya Novembala ikugogoda pazenera
ngati mwini ngongole wokana kumva za mawa,
manja athu akununkha mchere ndi mafuta a olivi.

Mfundo yoyamba: tithandiza ndani?
Graciete anati ozimitsa moto,
aja amathamangira kuphiri popanda malipiro
bulugamu akayaka m'chilimwe.
Telmo anati agalu osowa mwini.
Tinaseka. Iye sanaseke.
Pomaliza manja anayi anavomera khitchini ya kuseri kwa siteshoni,
kumene ogona pamakatoni
amafola usiku kudikira msuzi wotentha ndi buledi.
Armindo sanakweze dzanja. Ankasenda lalanje.

Mfundo yachiwiri: ndalama zichokera kuti?
Apa aliyense anali ndi pakamwa.
Ivone aphika makeke Lachisanu lililonse.
Tichite mpira, a mu ofesi ndi ife a mipeni,
ogonja alipire kawiri.
Abwana avale epuloni tsiku limodzi, atumbule nsomba,
ife tikuonerera pa yuro imodzi munthu.
Ndinalemba zonse,
ngakhale zomwe ndinkadziwa kuti zifera papepala.

Kenako Graciete anafunyulula chipepala chachikulu
atalemba kale mizere ndi rula:
uku dzina, uku ndalama.
Tikhome pakhomo lolowera, anatero,
munthu akaona mnzake waponya makumi awiri
manyazi amutsegulira chikwama.

Armindo anaika mpeni pansi.
Zaka khumi ndi ziwiri tikugwira ntchito moyandikana
sindinamumvepo akupitirira mawu asanu.
Anati: chaka chomwe fakitale ya ulusi inatsekedwa
ndinafola pamzere umenewo miyezi isanu ndi iwiri.
Palibe anandifunsa dzina,
n'chifukwa chake ndinkabwererako mawa lake.
Msuzi wosafunsa dzina
mukufuna kuugula ndi ndalama zofuna kutchulidwa?
Nanga Zulmira wa kotsuka zitini,
amene akulera zidzukulu ziwiri yekha,
fakitale yonse iwerenge kuti waponya masenti makumi asanu?

Tinamva firiji ikung'ung'udza pakona.
Telmo anayang'ana nsapato zake.
Ine cholembera chili m'malere,
osadziwa ngati zoterezi zimalowa mu mfundo.

Graciete, amene sanagonjepo pamkangano
ngakhale ndi woyendetsa basi,
anapinda chipepala chija kanayi
n'kuchikhalira.
Nanga tidzadziwa bwanji kuti zikuyenda? anafunsa.
Tizidzanyamula, anatero Armindo.
Mkono sunama.

Mfundo yachitatu, yomwe sinali pandandanda:
chitini cha mafuta, chija cha malita asanu, chosaonekera m'kati.
Telmo aboola kakamwa pamwamba n'kumata chivundikiro.
Chisakhale pakhomo lolowera
koma m'kanjira kopita kuchimbudzi,
komwe aliyense amadutsa yekha.
Tidzatsegula pa 15 Disembala, tonse asanu tilipo.

Belu linalira tisanatseke msonkhano.
Armindo anagawa lalanje lija pasanu,
gawo lalikulu n'kupatsa Graciete.
Sanathokoze. Anadya.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi.
Abwana sanayankhebe za epuloni.
Makeke a Ivone anapserera, tinagulabe.
Madzulo ndikamaweruka ndimayang'ana uku ndi uku
n'kuchikweza pang'ono chitinicho.
Dzulo ndinachita kugwira ndi manja awiri.
Ndikuchibwezera pansi ndinamva mapazi kumbuyo,
ndinafulumira kulowa kuchimbudzi osacheuka,
ndipo ndili m'kati ndinamva kandalama kamodzi
kakugwera pa tinzake.
Sindikudziwa anali ndani.
M'buku langa ndalemba tsiku lokha.