Kabuku ka Dizilo

Mayi Daka ali ndi mavani awiri.
Yapakati ilibe dzina,
poti wosavuta anthu samutcha dzina.
Yaikulu timaitcha Chimeza,
ndiyo anandipatsa ine,
pamodzi ndi kabuku ka chikuto chofiira
ndi bolopeni yomangidwa chingwe.

"Uzilemba," anatero. "Lita iliyonse, kilomita iliyonse.
Amene walowa m'malo mwake ankayamwa thanki ndi paipi."

Choncho folo koloko m'mawa ku Makeni,
anzanga akupakira mathireyi a mazira,
ine ndimagwadira matayala onse anayi
ngati wopempha chikhululukiro.
Tayala lofewa ndi mbala yosathyola loko,
imakubera uli maso.

Pa makilomita zana, yapakati imamwa malita asanu ndi anayi.
Chimeza khumi ndi atatu,
ikakwiya khumi ndi asanu.
Koma Chimeza imasenza kamodzi
katundu amene inzake imabwerera kawiri.
Masamu amenewa ndawafotokozera Mayi Daka
mpaka malovu kuuma m'kamwa.
Iwo amangoona lisiti.

Dzuwa limatipeza pa msewu wa Kafue titaima.
Kuchokera pa raundabauti, kutali konse komwe diso lifika,
magalimoto andandana ngati linthumbu lotopa,
injini zikung'ung'udza, matayala ali duu.
Apa ndi pamene dizilo amafera ulele,
kupsa popanda ulendo.
Ndimazimitsa.
Msaiwale, wonditsitsira katundu, amaseka chikhakhali:
"Mdala, mafutawa ndi a bambo anu kodi?"
Minibasi zikutidula kutsogolo, makondakitala ali pakhomo,
ine ndimaponda moto mwaulemu
ngati dzira limodzi lagwera pansi pa phazi.

Keriyala ya padenga ndinachotsa, inkalimbana ndi mphepo.
Magiya ndimasintha injini isanalire.
Loboti yofiira ndimaionera patali
n'kuisiya galimoto ikafike yokha.
Soweto, Kamwala, Kabwata, Chilenje,
mathireyi akuchepa, Chimeza ikupepuka,
pobwerera tanyamula mphepo yokhayokha,
nayonso mphepoyo imalipiritsa.

Loweruka Mayi Daka anavala magalasi,
nanyowetsa chala, natsegula kabuku.
"Khumi ndi atatu ndendende, sabata ndi sabata.
Iwe ndiye munthu."
Ndinayang'ana nsapato zanga.

Chifukwa zoona zake n'zakuti
phazi langa linaitsitsa kale Chimeza pa khumi ndi awiri.
Lita yotsalayo sindigulitsa,
ndilibe paipi, ndilibe chigubu pansi pa mpando.
Koma ndikatsitsa thireyi yomaliza ku Kabulonga,
Msaiwale atakwera yake ya ku Chawama,
sindikhotera kumadzulo.
Ndimalowa ku Mtendere,
makilomita asanu ndi atatu osadziwa bolopeni,
mpaka pa geti la malata obiriwira
pamene Tionenji, wa giredi folo,
amakhala ndi amayi ake ndi bambo wina.

Sindilowa. Hutala kamodzi basi.
Amatuluka akuthamanga, sokosi imodzi itatsika,
ndimamupatsa mazira awiri ong'aluka
amene masitolo akana,
iye n'kukwera, n'kukhala pa mpando wa Msaiwale,
miyendo yosafika pansi.

Dzulo analoza pa dashibodi:
"Adadi, kamuvi aka kakagona pansi,
mudzabwera bwanji?"

Sindinayankhe msanga.
Ndinatembenuza kiyi, injini n'kukhala chete,
kamuvi kaja n'kugona pamaso pathu tonse awiri.
Kunja wina ankawotcha chimanga, utsi ukulowa pa windo.
"Waona?" ndinatero. "Kagona, koma ndilipo."

Tinacheza mphindi khumi mumdima wa m'kabini,
za aphunzitsi ake, za dzino logwedera,
mphindi khumi zosamwa ngakhale dontho,
zimene sindidziwa
kuti m'kabuku ndingazilembe pa mzere uti.