Mabowo Anayi

Pakhonde la sitolo ya sopo ndi mchere, ku Kamwendo,
a Gelevazi Nkhwazi amapalasa makina osokera
ngati munthu wa ulendo wautali amene sakufuna kufika.
Ndinawapititsira buluku long'ambika pabondo.
Pini ili kukamwa, anandifunsa:
"Mtsogoleri woyamba wa Amereka uja,
asanalozetse mfuti kwa Angerezi,
ankamenyera nkhondo mfumu ya kuti?"

Ndinati kaya.

"Ya Angerezi omwewo!"
Anaseka mpaka pini inagwera m'nyenyeswa za nsalu.
"Anapempha udindo pakati pa ovala zofiira, anamukaniza.
Tsiku lina m'nkhalango
akavalo awiri anafa iye ali pamsana,
zipolopolo zinaboola jekete lake kanayi,
koma khungu osakandika n'komwe.
Kanayi, mwanawe!
Ndikanakhalapo ndikanamusokera pangongole."

Zonsezi anazitola m'buku lopanda chikuto
limene analipeza pansi pa belo la kaunjika,
masamba ena atadyedwa ndi chiswe cha kunja.
Amadziwa za Asikotchi a nambala fote thuu,
amuna a ndevu ovala masiketi, oliza zitoliro za matumba.
Amadziwa gulu limene mabatani ake amasokedwa awiriawiri
ndi lina la atatuatatu.
"Telala ndiye amadziwa msilikali," amatero,
"mkulu wankhondo amangodziwa chiwerengero."
Amakumbutsa aliyense, ngakhale wofulumirira minibasi,
kuti boma lathu la Mchinji linkatchedwa Foti Maningi.

Ine pakamwa panga sipakhala chitseko.
Ndinati, nanga bambo anu aja a Keyala,
anali gulu liti?

Makina anaima.
Lole ya fodya inadutsa, fumbi linatera pa ulusi.

"Anakwera galimoto pabomapo ine ndili m'mimba.
Zomba, kenako nyanja yamchere, kenako Bama.
Kunabwera jekete lokha, lopindidwa bwino,
ndi kalata imene mayi anapita nayo kumishoni
kuti mphunzitsi awawerengere.
Kalatayo inapsa ndi nyumba chaka cha njala.
Gulu lawo sindilidziwa. Nambala yawo sindiidziwa.
Kaya unali mtsinje, kaya phiri, kaya malungo chabe.
Bukuli ndaliwerenga mpaka msana wake wathothoka,
Yotamu Nkhwazi mulibemo."

Anapukuta magalasi ndi kansalu ka chitenje cha munthu wina.

"Jeketelo linafika lopanda bowo, ngakhale limodzi.
Ndinalitembenuza ndili mnyamata, kuliunika padzuwa,
kufuna poti ndiikepo chala n'kunena kuti apa.
Panalibe.
Pano njenjete yalilowerera m'bokosi.
Chaka chatha ndinawerenga mabowo khumi ndi atatu.
Sindisoka ayi. Alekeni akhale nawo,
aposa wa ku Amereka uja."

Anadula ulusi ndi mano amene atsala,
nandipatsa buluku, chigamba chili nji
ngati chinabadwira pomwepo.
Ndinalipira. Chenji analibe,
anandibwezera batani lamkuwa losadziwika kwawo.

Ndisanatsike khonde panafika mayi ndi yunifolomu ya mwana,
thumba litapachikika ndi ulusi umodzi.
Phazi linabwerera pachopondera.
Pini ina inalowa kukamwa.
"Mayi, tandiuzani,
Angerezi atagonja ku Amereka kuja,
anakwera zombo za yani pobwerera kwawo?"