Mankhwala a Amayi

Ndadzuka mzikiti usanaitane.
Buku la kuchipatala ndalikulunga m'jumbo,
ndalama ndazigawa pawiri:
zina pamfundo ya chitenje,
zina pomwe dzanja la mlendo silingafike ine osakuwa.
Amayi ali ndi shuga, chaka chino sakwera minibasi.
Miyendo yawo ndi ine, Sumini,
kuchokera ku Namwera kutsikira ku boma.

Awiriawiri pampando, akutero kondakitala,
ndipo mtengo nawo waubereka pawiri.
Tisanathe mtunda tili anayi.
Ine ndalanda pawindo, ndalikankha ndi chigongono.
Tsekani, kukuzizira, akudandaula bambo wa chipewa.
Pepani bambo, chimfine cha mphepo chimachira.

Masiki alendewera pazibwano
ngati ndevu zobwereka.
Tikuyandikira rodibuloko dalaivala aliza huta,
onse akwera pamphuno nthawi imodzi,
ngati mliri umavala yunifolomu
n'kuima pamsewu ndi kabuku.
Tangodutsa, atsikanso.
Yanga ili pomwepo, yanyowa ndi mpweya wanga womwe.

Pamakhota a Chowe galimoto ipendama,
aliyense agwera mnzake, palibe mlandu.
Koma msewu wawongoka
bondo la mwamuna uyu likadali paulendo wakewake.
Nkhope yake theka ndi nsalu.
Mawa nditakumana naye pamsika sindingamuloze.
Ndaika chikwama pakati, wachikankha.
Ndiye ndakweza mawu kuti ndi wakutsogolo yemwe amve:
Achimwene, mwendo wanu wasochera.

Zii.
Kenaka Abiti Mkwanda, a dengu la tomato kumbuyoko,
tasinthanani nane malo, mwanawe,
andikhudze ine aone.
Minibasi yonse yaseka m'nsalu.
Iye akuwerenga mitengo kunja.

Tawoloka Shire dzuwa litakwera.
Pachipata cha chipatala pali ndowa ya mpopi
ndi sopo wotsala ngati chikhadabo.
Ndasamba mpaka m'mikono.
Kamfuti koyezera kutentha andiloza nako pamphumi,
ndapuma chamumtima: lowani.
Mzere ndi wautali, wokhota kuseri kwa khoma,
wina akutsokomola m'khosi mwanga,
ndasuntha phazi limodzi, malo anga osataya.

Pomwe mapilitsi alowa m'jumbo
mthunzi wanga watembenuka kale.
Kudepoti mtengo wakweranso.
Ndamasula mfundo, ndawerenga, ndawerenganso.

Lole yaima pafupi, galasi latsika.
Asisi, ku Namwera? Kwerani kutsogolo, ulere.
Mpando wake ndi wotakasuka, mphepo ikulowa bwino,
mliri sungandipezemo.
Koma chaka chatha Mwanaidi wa kuseri kwathu anakwera ulere wotero.
Anafika usiku, nsapato imodzi m'manja,
mpaka lero sanena kanthu.
Zikomo, akubwera kudzanditenga.
Bodza limenelo Mulungu alilembe mwa pensulo.

Ndachotsa ya nkhomaliro, yakwanira.
Nambala ya minibasi ndaiwerengera mlongo wanga Twaibu pafoni,
mokweza, chilembo ndi chilembo,
kondakitala akumva,
mayunitsi n'kuthera pomwepo.
Ndakhala pakati pa amayi awiri.
Chimanga chootcha chadutsa pawindo, fungo lake landipeza,
koma pakamwa panga mpotseka mpaka kwathu.

Ndafika nkhuku zikulowa.
Amayi ali pakhomo, manja atambasula kale.
Dikirani, amayi. Imani pomwepo.
Jumbo ndaisiya pakhonde,
chitenje, mpango ndi masiki m'beseni la thovu,
ine kubafa ndi madzi ozizira,
ndikutsuka depoti, mzere, mpando,
ndi malo aja bondo linatsamira.

Ndatuluka. Akadali chiimire, manja atopa.
Wayenda bwanji, mwanangu?
Ndayenda bwino, amayi.
Limodzi m'mawa, limodzi madzulo, mutadya.
Akwana masiku makumi atatu.

Ndawerenga pa kalendala ya kukhoma,
ndazunguliza tsikulo ndi khala.