Amati Ndi Ndimu

Ndinaigula Loweruka, mwezi wa Malichi,
mipando ikadali m'mapulasitiki,
ikununkhira ngati chinthu chimene sichinakhumudwitsepo munthu.
Wogulitsa, Brennan wa tayi yofiira,
anandipatsira makiyi manja awiri.
Ndinasainira ngongole ya zaka zisanu ndi chimodzi
ndi dzanja lomwe ndimabayira odwala jakisoni,
dzanja losanjenjemera.

Sabata yachisanu, pa msewu wa 99,
pakati pa Selma ndi Kingsburg,
inazima.
Osatsokomola, osatsanzika. Zii.
Chiwongolero chinauma gwa,
lole ya ng'ombe inandipala mphepo ikuliza hutala,
ndipo Mayi Hovsepian anadikira mankhwala awo a shuga
mpaka nkhomaliro inazizira.

Kugalaja anati sitinapeze vuto.
Ulendo wachiwiri anasintha kawaya.
Wachitatu anati kompyuta yake iphunzitsidwenso,
ngati mwana wobwereza kalasi.
Wachinayi, bwana wawo Kessler anandithirira khofi
nandifunsa mwaulemu wake
ngati phazi langa silisokoneza zopondera.
Ine, amene ndaboola nkhungu ya chigwa chino
zaka makumi awiri, mbandakucha uliwonse.

Khofiyo sindinamwe.
Ndinapempha lisiti.

Loya wanga Pakou Thao ndi wamfupi, amadya chiimire.
Anati musakalipe, lembani.
Pepala silikwiya, komanso siliiwala.
Ndiye bokosi la nsapato za mwana wanga linasanduka nkhokwe:
tsiku, mtunda, dzina la makaniko,
masiku makumi atatu ndi anayi
amene galimoto yanga yatsopano inagona kwa eni
ine ndikulipira ngongole yake
nditakhala m'basi, chikwama cha mankhwala pamiyendo.

Lamulo lake amalitcha la ndimu.
Nditawauza bambo anga, analeka kutafuna.
Bambo Eusebio, amene anathyola mandimu ku Porterville
mpaka mapewa anapendekera mbali ya thumba,
amene mikono yawo ili ndi zipsera za minga
zambiri kuposa masiku a pakalendala.
Anati, ndimu sinanamizepo munthu.
Imanena ndi khungu lake lomwe kuti ndine wowawasa.
Chinthu chakocho achipezere dzina lina.

Kalata tinatumiza, yosainira polandira.
Kampani inayankha patapita milungu isanu:
tikulipirirani miyezi iwiri ya ngongole,
inu mutseke pakamwa.
Usiku umenewo ndinawerengera pa tebulo,
lendi, magetsi, mano a Itzel,
ndipo ndisaname, cholembera ndinachigwira.
Kenako ndinakumbukira hutala uja.

Mkhalapakati anali nkhalamba ya chimfine,
m'chipinda cha hotela chonunkha kapeti wonyowa.
A kampani anabwera ndi zithunzi za injini, zamitundumitundu.
Ine ndinatsegula bokosi la nsapato.
Pakou anayatsa kanema wa pafoni
amene Itzel anajambula ali kumpando wakumbuyo:
magetsi onse a padeshibodi ali ngwee,
ndi mawu a mwana, aang'ono,
amayi, yafanso?
Nkhalamba ija inamina, n'kulemba nthawi yaitali.

Anaigulanso.
Anachotsapo za mitunda imene ndinayenda isanayambe kudwala,
chifukwa ngakhale chilungamo chimawerenga mamailosi.
Za tulo tanga panalibe mzere wolembapo.

Tsiku loibweza inalira kamodzi n'kamodzi,
inayenda myaa, ngati mboni yonama itavala suti.
Brennan anali atasamukira kwina.
Makiyi ndinapatsa mtsikana amene sanadzutse n'komwe mutu.

Akuti pa mapepala ake adindapo chizindikiro
kuti wogula wina adziwe.
Koma ndimadziwa mmene timawerengera mapepala
tikamva fungo la mipando.
Ndiye m'kabokosi ka kutsogolo, pansi pa buku lake,
ndinasiyamo kapepala ka dzanja langa:
imazima ikatentha, pafupi ndi Selma.
Khalani kumzere wa kumanja.