Kadontho ka Kunja kwa Mzere

Ku Lota malasha ankawakumba pansi pa nyanja.
Amuna ankatsika mbandakucha, mafunde ali pamwamba pa mitu yawo,
potuluka madzulo oyera anali maso okha.
Herminia Curilén anabadwira komweko, m'nyumba yamatabwa,
ndipo masamu anawayamba powerenga kutsokomola kwa bambo ake:
usiku wa Lolemba, makumi anayi ndi kamodzi;
Lachiwiri tulo tinamuba asanamalize.

Ine ndinamupeza imvi zili mbuu,
ku Concepción, m'chipinda chozizira cha pa yunivesite,
choko mpaka m'zigongono.
Ntchito yanga inali kunyamula mabuku a kaundula
ndi kusongola mapensulo.

Akampani anati: anthu athu ngathanzi,
pa avereji amafika zaka makumi asanu ndi limodzi.
Iye anavula magalasi.
"Bambo Averejiwo ndikufuna ndiwaone.
Amakhala nyumba iti? Mkazi wawo ndani?"

Chinsinsi anachitulukira pa tsamba losalembedwa.
Munthu akayamba kulavula zakuda ankamuchotsa ntchito,
akafere kwawo,
buku n'kukhala loyera ngati malaya a dokotala.
Ndiye tinasiya buku, tinapita kumanda.
Nyengo zachisanu zinayi, mvula ikutilowa m'nsapato,
tikupala ndere pamitanda kuti tiwerenge zaka,
tikugogoda kwa amasiye,
ena akutipatsa tiyi, ena akutitsekera chitseko kumaso.

Pomaliza aliyense anasanduka kadontho papepala,
ndipo timadonthoto tinandandalika tokha potsetsereka:
zaka zambiri kumgodi, zaka zochepa padziko.
Kamodzi kokha kanakana.
Kanakhala patali, pakona, ngati mwana wonyanyala.
Ndinatenga chofufutira. Anandigwira dzanja.
"Kafufuteni ndi miyendo," anatero, "osati ndi labala."

Ndinakwera basi. Ndinapeza Don Baldomero,
zaka makumi asanu ndi anayi, makumi anayi mwa izo pansi pa nyanja,
akudyetsa nkhunda padenga, akutukwana mphaka.
Mapapo ake? Anandiimbira mluzu mpaka agalu anauwa.

Nditabwerako Herminia anaseka mpaka kukhala pansi.
"Musiyeni pomwepo. Mzere wathu ndi woona,
iyenso ndi woona.
Masamu osasiya mpando wa chimene sitikuchidziwa
ndi bodza lovala tayi."

Lipotilo linagona m'kabati zaka zisanu ndi ziwiri.
Litadzuka, amasiye ena analandira kangachepe,
ena anali atatsatira kale amuna awo.
Iye anawawerenganso amenewo.

Pa yankho lililonse ankalemba kumapeto, m'zilembo zing'onozing'ono,
kuonjezera kapena kuchotsa zitatu,
ngati munthu wogwada pakhomo asanalowe.

Mgodi anatseka. Nyanja inalowa m'njira zake.
Pamwala wake analemba zaka ziwiri ndi kamzere pakati,
popanda kuonjezera, popanda kuchotsa.
Ndikaima pamenepo dzanja limandiyabwa,
pensulo ili m'thumba.