Ludzu la Galimoto ya Bambo Otar

Inalowa m'garaja mwanga Lachiwiri,
mphepo ya ku Rustavi ikuluma makutu:
galimoto yakuda bii, yamsinkhu,
mipando yachikopa yodziwa kufunditsa msana.
Bambo Otar Gelashvili, dokotala wa mano,
anatsika atakumbatira chigubu cha oyilo
ngati wodwazika amene sasiyana ndi mankhwala.

"Lita yathunthu pa makilomita mazana asanu ndi atatu.
Ku Tbilisi akuti injini yatha.
Mtengo umene anatchula, mkazi wanga sindinamuuzebe."

Sindinawalonjeze kanthu.
Oyilo ali ndi njira ziwiri zokha:
kudontha pansi kapena kupsa m'kati.
Ndinayala katoni pansi pa mimba yake,
n'kukhoma chitseko, n'kukagona.
M'mawa katoni ali gwa, wopanda ndi dontho lomwe.
Sikutaya ayi. Ikumwa.

Tinakwera nayo phiri ndi mnyamata wanga Bachana.
Potsika ndinachotsa phazi, kenako n'kupondanso,
iye mutu uli kunja kwa windo, misozi yamphepo ili mbwee:
"Utsi! Wabuluu! Koma pang'ono chabe."

Mapulagi onse asanu ndi imodzi anatuluka ndi mwaye wonyowa.
Tinayeza mpweya wa m'masilinda,
singano ya geji n'kumaima pamodzimodzi.
Mphete za mapisitoni zinalibe mlandu.
Tabo ndinaigwedeza ndi chala, sinasewere.
Tiyi anazizira pa benchi.
Ndinayamba kudzikayikira.

Cha m'ma folo, injini ikung'ung'udza yokha,
ndinati nditsegule pothirira oyilo.
Chivundikiro chinakana.
Ndinachigwira ndi manja awiri, chinachoka ndi mluzu, fyoo,
injini n'kutsamwa, n'kunjenjemera thupi lonse.
Inkadziyamwa yokha.

Pamwamba pa injini pali kavalavu kopumira,
m'kati mwake kalabala kozungulira
kosaposa chitsekero cha botolo la jamu.
Kakakhala kamoyo, kamachepetsa kukoka kwa injini,
nthunzi n'kudutsa, oyilo n'kutsala kwawo.
Aka kanali katang'ambika,
mng'alu wake ngati podinda chikhadabo.

Bachana anakayang'ana pa tochi, n'kundiyang'ana ine.
"Bambo aja akanalipira injini yonse," ananong'ona.
Ndinkadziwa.
Denga la garajali limadontha pa ngodya ziwiri,
mwini malo wakweza lendi mwezi uno.
Ndinaima ndi kalabala m'dzanja
nthawi yaitali kuposa imene ndimauza anthu.

Tinaika valavu yatsopano.
Tinatsuka mapayipi ndi intakula, munali oyilo wodzaza kapu.
Mapulagi atsopano, sefa yatsopano,
oyilo wa mlingo wolembedwa m'buku lake
osati wotchipa uja ankathira pa filing'i.

Atabwera ndinawaikira kalabala pa chikhatho.
Anakatembenuza, kukatembenuzanso, nkhope itagwa.
"Kameneka? Galimoto ya ndalama zonse zija
n'kudwala matenda a kanthu aka?"
Ndinaona kuti anyozeka.
Anadza atakonzekera maliro,
ine ndikuwapatsa bilu yosakwana tayala limodzi.
Ndinati, "Inu simunaonepo chimunthu chonse
chikulira chifukwa cha kabowo ka dzino?"
Sanaseke.

Ndinadontheza penti wofiira pa chivundikiro
ndi pa bawuti yakunsi.
"Musathire, musatsegule.
Mukayenda makilomita chikwi mubwere."
Pakuti inenso ndikhoza kulakwa;
timalabala ta mavalavu a m'mutu wa injini sindinationepo,
ndipo injini ikhoza kudwala pawiri.

Anabwera patatha masabata atatu, chipale chitasungunuka,
matayala ali matope okhaokha a ku Kakheti.
Penti anali wosasweka.
Ndinasolola ndodo yoyezera, kupukuta, kubwezera, kusololanso:
oyilo ali pa mzere pamene ndinamusiya,
mwina kutsika ngati kukhuthala kwa tsitsi.

Anatsegula kumbuyo kuti andipatse vinyo wa kwa mlamu wawo.
Pambali pa vinyoyo, chomangidwa bwino ndi lamba,
chigubu chija cha oyilo chinali chidakali pompo.
"N'chachiyaninso?" ndinafunsa.
Anatseka buti pang'onopang'ono.
"Ndinachizolowera," anatero.